Funsani Tikuyankheni: Ulendo wa Pagalimoto Wokaona Mapiri a ku Malawi

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi wa kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Ine ndi anzanga anayi takhala tikusonkha ndalama kuyambira chaka chatha ndi cholinga choti mu Ogasiti muno tikayende m'mapiri a ku Malawi pa galimoto ya mmodzi wa ife, yomwe ndi pikapu ya zitseko zinayi yokoka ndi matayala onse. Tili ndi masiku 7 okha. Tikufuna tikafike ku Mulanje, ku Zomba, ku Nyika ndi ku Livingstonia, kenako tibwerere kudzera m'mbali mwa nyanja. Mnzathu wina wawerengera makilomita pa foni ndipo akuti n'zotheka, koma mwini galimoto akukayika. Kodi ulendowu tiukonze bwanji, nanga pa chipata cha malire cha Calomue akatifunsa zotani?

Mphunzitsi, Ulongwe

YANKHO

Aphunzitsi, mwini galimotoyo ndi amene akulondola, ndipo mumumvere. Mnzanu wa foniyo sanalakwitse masamu, koma wawerengera makilomita pamene ulendo wa m'mapiri umawerengedwa ndi maola. Makilomita 100 a pa msewu wa phula wa M1 mukhoza kuwadutsa mu ola limodzi ndi theka, pamene mtunda wofanana nawo wa msewu wa fumbi wokwera ku Nyika ungakudyereni theka la tsiku, ndipo woyendetsa amafika atatopa ngati wayenda kuyambira m'bandakucha. Mulanje ndi Zomba zili kummwera, Nyika ndi Livingstonia zili kumpoto kwenikweni, ndipo inu mukulowera pa Dedza, pakati pa mbali ziwirizi. Mapanga awiri avumbwitsa. Mukaumirira kufika konseko m'masiku 7, mudzangoona mapiriwo pa windo, ndipo mudzayamba kuyenda usiku kuti mukwaniritse ndondomeko yanu, chomwe ndi chinthu choopsa kuposa china chilichonse pa ulendo wotere.

Maganizo anga ndi akuti musankhe kumpoto. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, si phiri lokwera ndi galimoto, chifukwa msewu umathera m'munsi, monga pa Likhubula, ndipo kuchokera pamenepo munthu amayenda wapansi ndi womulondolera njira n'kumagona m'tinyumba ta pamwamba. Amenewo ndi ulendo wina wapadera, wofuna nsapato zolimba ndi miyendo osati pikapu. Zomba nayo ili pafupi moti mukhoza kudzapitako kumapeto kwa sabata ina iliyonse. Koma galimoto yokoka ndi matayala onse, miyezi ya chilimwe ndi sabata yathunthu sizipezeka pamodzi kawirikawiri, ndipo zimenezi ndi zomwe Nyika imafuna.

Tiyambe ndi za pa chipata, poti mwafunsa. Ife a ku Angonia ndi ku Tsangano tinazolowera kuwoloka malire ngati tikupita kwa amalume, popeza pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, ndipo pa msika wa Lizulu munthu amagula mbatata ya kachewere tsidya lino n'kukagula mchere tsidya linalo popanda womufunsa kanthu. Chizolowezi chimenechi chisakupusitseni. Mukalowa m'kati mwa dziko mudzapeza maroadblock a apolisi, ndipo kumeneko kulankhula Chichewa chabwino sikulowa m'malo mwa chidindo. Aliyense wa inu akhale ndi pasipoti yomwe idakali ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito, ndipo adinditse potuluka ku Calomue komanso polowa ku Dedza. Nzika ya Mozambique sifunika viza pokacheza ku Malawi kwa masiku ochepa chonchi, koma muonetsetse masiku amene akulemberani pa chidindocho musanachoke pa windo.

Galimoto nayo ili ndi mapepala ake. Mutenge livrete (kabuku ka kalembera wa galimoto), chikalata cha umwini, pepala la inspecção (losonyeza kuti galimoto inayesedwa) lomwe silinathe, ndi malaisensi a onse amene adzagwire chiwongolero. Ku Alfândega, ofesi ya kasitomu ya kuno, mudzalembetsa kuti galimotoyo ikutuluka kwa kanthawi, ndipo ku mbali ya Malawi a MRA, bungwe lotolera misonkho, adzakupatsani chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, chotchedwa TIP, chomwe muyenera kuchisunga bwino chifukwa mudzachibweza potuluka. Inshuwalansi ya kuno siteteza tsidya linalo pokhapokha ngati zinalembedwa choncho m'pangano lake, ndipo khadi lachikasu la inshuwalansi la bungwe la zamalonda la COMESA lomwe madalaivala a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amayenda nalo ife sitingalidalire, popeza dziko lathu linatuluka m'bungwe limenelo mu 1997. Choncho mudzagula inshuwalansi ya ku Malawi pa chipata pomwepo, mu ofesi yooneka ndi maso, osati kwa mnyamata wokuthamangirani ndi mapepala m'manja. Ngati galimotoyo inalembetsedwa m'dzina la munthu amene sali nanu pa ulendo, kapena ngati ngongole ya ku banki sinathe, pamafunika kalata yovomereza yodindidwa kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo. Matriangle awiri, malaya onyezimira ndi chozimitsira moto zikhale pamalo posavuta kutulutsa, osati pansi pa zikwama. Mukhalenso ndi makwacha apafupi olipirira pa tologeti ya Kalinyeke, m'boma la Dedza momwemo.

Masiku 7 aja ndingawagawe motere. Tsiku loyamba musalipatse mtunda wautali, chifukwa palibe amene amadziwiratu kuti pa chipata atha maola angati. Kuchokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo mukagula zofunika mu mzindawo mukhoza kukagona ku Kasungu dzuwa lisanalowe. Tsiku lachiwiri mudzadutsa pa Jenda, n'kukwera mapiri a Viphya pakati pa nkhalango ya paini ya Chikangawa, komwe nkhungu imatha kutseka msewu ngakhale masana ndipo malole a matabwa amayenda pang'onopang'ono pa zitunda, kenako Mzuzu, n'kukagona ku Rumphi. Ku Rumphi mudzaze thanki mpaka pakamwa, mugule chakudya, ndipo muimbire foni kunyumba, popeza kupitirira apo musayembekezere kupeza mafuta ndipo netiweki imagwira mwa apo ndi apo.

Tsiku lachitatu ndi lokwera ku Nyika. Kuchokera ku Rumphi kudzera ku Bolero kukafika pa chipata cha Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchokera pa chipatapo kukafika ku Chelinda ndi ena pafupifupi 60. Pa foni ukuoneka ngati ulendo wa maola awiri, koma muuwerengere maola anayi kapena asanu, ndipo munyamuke m'mawa. Nyika ndi nkhalango yotetezedwa yaikulu kuposa zonse ku Malawi, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo Chelinda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, kutanthauza kuti mudzagona pamalo okwera kuposa nsonga ya phiri lathu la Domwe. Kumtundako kulibe mitengo yambiri, ndi zitunda za udzu waufupi zongotsatizana mpaka pomwe maso alekezera, ndipo mbidzi, nchefu ndi chilembwe zimadya poyera osabisala. Tsiku lachinayi musapite kwina kulikonse. Limeneli ndi tsiku lomwe anzanu adzafune kulichotsa kuti muwonjezere malo ena, koma ndi lomwe mwasonkhera ndalama chaka chonse, komanso ndi lomwe lingakupulumutseni ngati tayala kapena chipata chakuchedwetsani m'mbuyomo.

Tsiku lachisanu mudzatsika kubwerera ku Rumphi n'kulowera ku Livingstonia kudzera njira ya ku Njakwa. Mishoni imeneyi anaisamutsira pa phiri la Khondowe ndi Dr Robert Laws mu 1894, atavutika ndi malungo m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, ndipo nyumba yake yamiyala idakalipo ndipo muli zinthu zakale zoonetsa alendo. Chapafupi pali mathithi a Manchewe, komwe madzi amagwa mamita pafupifupi 125. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi lotsika msewu wa Gorodi kupita pa Chitimba, kukwera chitunda cha Chiweta, kudutsa Mzuzu ndi Nkhata Bay, n'kukagona kulikonse komwe dzuwa likuloweren m'mbali mwa nyanja, makamaka cha ku Nkhotakota ngati mwalawira. Tsiku lomaliza mudzadutsa Salima ndi Golomoti, n'kukwera Khwekhwelele kukatulukira pa Masasa, pafupi ndi Dedza. Masiku awiri omalizawa ndi otopetsa, ndipo ngati mungapemphe tsiku lachisanu ndi chitatu kwa akuluakulu a pa sukulu, mulipemphe ndithu.

Za msewu wa Gorodi ndikufuna nditaye nthawi pang'ono, chifukwa ndi pomwe ulendo wanu ungasokonekere. Msewuwu ndi wa makilomita pafupifupi 15 okha, koma umatsika mamita oposa 700 kudzera m'makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo ena mwa makonawo ndi opapatiza moti pikapu yaitali imafunika kubwerera m'mbuyo kaye kuti ikhote, phompho lili pambali. Madalaivala ambiri amaopa chitunda, pamene chimene chimapha ndi mtsetse. Munthu akatsika phazi lili pa buleki nthawi yonse, mabulekiwo amatentha, mafuta ake amawira, ndipo pamakhala nthawi imene amaponda chopondera n'kungolowa pansi popanda kugwira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akakhalitsa, ndipo akatero amawira msanga, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Mufunse mwini galimotoyo kuti anasintha liti, ndipo akayamba kukanda m'mutu mupite nayo kwa makaniko sabata ino.

Lamulo lake ndi lakuti giya imene mungakwerere chitunda ndi yomweyo yotsikira. Pa Gorodi muike magiya aang'ono a matayala onse anayi, muyende mu giya yoyamba kapena yachiwiri, injini ndiyo izigwira galimoto, ndipo buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi n'kuisiya, osati kuikhudza pang'onopang'ono mosalekeza. Chizolowezi cha madalaivala ena a machapa (maminibasi) chochotsa giya pa mtsetse kuti apulumutse mafuta musachiyerekeze n'komwe. Mukamva fungo la chinthu chopserera, muime pamalo otakasuka, muike mwala kutsogolo kwa tayala, ndipo mudikire mabuleki azizire okha osawathira madzi. Musanalowe m'kona yosaoneka kutsogolo muziimba huta. Mukakumana ndi galimoto ina pamalo opapatiza, wotsika ndi amene amapatsa njira wokwera, chifukwa wokwerayo akaima pa chitunda cha miyala amavutika kunyamukanso. Pa makona ofunika kubwerera m'mbuyo, mmodzi yekha atsike kukalondolera, aime pomwe woyendetsa akumuona, ndipo ena nonse mukhale chete, popeza anthu anayi akamakuwa nthawi imodzi woyendetsa samva aliyense.

Pokwera, musadabwe galimoto ikamaoneka ngati yafooka. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera. Diso likhale pa singano ya kutentha. Ikakwera muime, ndipo chitsekerero cha lediyeta musachitsegule injini ikadali yotentha. Mutenge matayala apadera awiri, jeke yoyesedwa kale pakhomo, thabwa loikapo jekeyo pa dothi lofewa, pampu, chingwe chokokera ndi madzi a m'chigubu. Katundu wolemera akhale pansi ndiponso chakutsogolo kwa bodi. Oyendetsa akhale awiri osinthana, ndipo mugwirizane musanachoke kuti wogwira chiwongolero tsiku limenelo salawa mowa mpaka galimoto itaima pogona.

FUNSO

Akonzi, ine ndi amuna anga tili ndi galimoto, ndipo mabanja awiri a anzathu a ku tchalitchi akufuna tipite nawo ku mapiri a ku Malawi. Iwo akunena kuti tigawane ndalama ya mafuta mofanana basi. Ine ndikuona kuti galimoto yathu ndi imene ikawonongeke, koma ndikuopa kuti ndikalankhula aziti ndine woumira. Kodi chilungamo chake n'chotani?

Mayi wodandaula, Moatize

YANKHO

Mayi, simuli woumira, ndipo nkhaniyi muilankhule tsopano muli pakhonde panu, chifukwa ikadzabuka tayala litaphulika pakati pa Thazima ndi Chelinda mawu ake sadzakhala aulemu. Mafuta ndi gawo limodzi chabe la zomwe galimoto imadya. Ulendo wonga umene ndafotokozera aphunzitsi aja ndi wa makilomita pafupifupi 1,600, ndipo inu ochokera ku Moatize mudzawonjezerapo mtunda wokafika pa chipata ndi kubwerera. Pa mtunda wotere matayala amatha, mabuleki amadyeka, ndipo tsiku losintha oyilo limayandikira. Njira imene ndimaiona kuti ndi yachilungamo ndi yakuti mwini galimoto asasonkhe nawo ya mafuta, kapena asonkhe theka la zomwe ena akusonkha, ndipo iye aonetsetse kuti galimotoyo yakonzedwa bwino ndi ndalama zake isananyamuke.

Pa zowonongeka, musiyanitse zinthu zitatu. Chimene chawonongeka chifukwa cha msewu, monga tayala long'ambika ndi mwala kapena galasi losweka, ndi cha gulu lonse. Chimene chinali chodwala kale, monga kilatchi yomwe inayamba kuterereka chaka chatha, ndi cha mwini wake, ndipo apa amuna anu ayenera kunena zoona asanafunsidwe. Chindapusa cha liwiro ndi cha amene anali pa chiwongolero, pamene chindapusa cha mapepala osakwanira ndi cha mwini galimoto. Zimenezi muzilembe ndi kuzitumiza pa gulu lanu la WhatsApp kuti aliyense avomere, ngakhale ena adzaseka kuti mwachita ngati msonkhano wa komiti.

Musankhe msungichuma mmodzi, amene si mwini galimoto, ndipo aliyense apereke gawo lake ulendo usanayambe. M'thumba limenelo muzichokera mafuta, zolipira pa chipata, matologeti, malo ogona ndi chakudya chodyera pamodzi, ndipo msungichumayo azilemba chilichonse m'kope n'kumawerengera gulu madzulo alionse. Zakumwa, mphatso za ana ndi nsomba zouma zopita nazo kunyumba aliyense azigula ndi zake. Powerengera mafuta, pikapu yodzaza anthu ndi katundu imamwa malita 10 mpaka 12 pa makilomita 100, choncho makilomita 1,600 ndi malita 160 mpaka 190, ndipo muwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa cha zitunda ndi kusochera. Pamwamba pa zonsezo pakhale ndalama ya mwadzidzidzi yomwe siikhudzidwa, ndipo ikatsala igawidwe pobwera.

Mameticais anu musinthe ku banki kapena ku malo ovomerezeka, ndipo malisiti muwasunge. M-Pesa ndi e-Mola musazidalire mukawoloka, popeza tsidya linalo anthu amagwiritsa ntchito Airtel Money ndi Mpamba, ndipo mmodzi wa inu akhoza kugula simukhadi ya kumeneko polembetsa ndi pasipoti. Kumapiri khadi la ku banki silikuthandizani, choncho ndalama ya m'manja muigawe kwa anthu awiri kapena atatu. Dziwaninso kuti pa zipata za nkhalango zotetezedwa mlendo wochokera kunja amalipira mtengo wosiyana ndi nzika, ndipo galimoto imalipiridwa payokha. Zaka zapitazi ku Malawi mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo zikatero kugula m'zigubu popanda chilolezo kumaletsedwa. Mudzaze thanki musanawoloke, mufunse madalaivala a malole pa chipata momwe zinthu zilili kutsogolo, ndipo paliponse pomwe mwapeza mafuta muthire ngakhale singano ili pa theka.

Chinthu china chomwe chimayambanitsa mabanja pa ulendo ndi chakuti ena amafuna kudzuka 5 koloko pamene ena amafuna tiyi wa 8 koloko. Mugwirizane nthawi yonyamukira tsiku lililonse, ndiponso kuti pa nkhani yopitiriza kapena kuima chifukwa cha mdima, mvula kapena kutopa, mawu omaliza ndi a woyendetsa.

FUNSO

Akonzi, ife timapeza mpata mu Disembala mokha, ana akatsekera sukulu. Kodi ku Nyika n'kopitika nthawi imeneyo?

Wowerenga, Furancungo

YANKHO

Bambo, n'kopitika koma sindingakulimbikitseni ngati muli ndi galimoto imodzi yokha komanso ana. Mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala n'kufika mu Epulo, ndipo kumpoto imachedwa kusiya. Nthawi imeneyi Nyika imakongola kwambiri, udzu umabiriwira ndipo maluwa a orchid, omwe kumeneko alipo mitundu yoposa 200, amaphuka makamaka mu Januwale ndi Febuluwale. Koma msewu wa dothi umaterera, Gorodi amagumuka, ndipo msewu wa m'mbali mwa nyanja umadukadukanso milatho ikakokoloka. Ngati mwatsimikiza kupita, mupite ndi galimoto ziwiri zokoka ndi matayala onse kuti ina izitha kukoka inzake, muwonjezere masiku awiri, ndipo Gorodi mumusiye.

Miyezi yabwino ndi kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala. Mu Juni ndi Julayi ku Chelinda kumagwa chisanu moti m'mawa udzu umayera, ndipo ngakhale inu a ku Macanga amene mumadziwa kuzizira mutenge majuzi, zipewa ndi mabulangete owonjezera. Mu Seputembala ndi Okutobala misewu imakhala youma bwino, koma utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri akutali ndipo kunyanja kumatentha kwambiri. Nyengo iliyonse imene mungapite, usiku umene mudzagone m'mbali mwa nyanja mugone m'masikito, ndipo wina akadzamva kutentha thupi m'sabata ziwiri kapena zitatu mutabwerako, akayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo akauze a chipatala kumene anali.

Ngati Disembala ndi wosasinthika, ganizirani ulendo waufupi wa pa phula: kulowera pa Dedza, kukaona zojambula za pa miyala za ku Chongoni zomwe bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wake mu 2006, kutsika Khwekhwelele kukaona Mishoni ya Mua yomwe inakhazikitsidwa mu 1902, n'kukathera pa phiri la Zomba, komwe msewu wokwera pamwamba ndi wa phula. Masiku anayi akukwanirani, ndipo pobwerera mukhoza kutulukira pa Zobue kapena pa Biri-Biri.